Alamu a ku Damu

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, Loweruka lililonse telala ankatseka shopu yake n'kupita kukawedza nsomba ndi mlamu wake. Anthu ankabwera ndi nsalu zawo n'kupeza chitseko chili gwa, kapepala kali pagalasi: "Ndibwera Lolemba." Matelala anzake a mumsewuwo ankamuseka kuti ndi munthu yekhayo amene amathawa makasitomala pa tsiku limene iwo amabwera okha osaitanidwa. Iye ankangomwetulira. Sanali munthu wa mawu ambiri.

Wa mawu anali mlamu wakeyo, mchimwene wa mkazi wake. Anali mphunzitsi wa pulayimale, munthu wa mimba yotsogola, amene anzake anam'patsa dzina loti Wailesi chifukwa akayamba kulankhula panalibe batani lozimitsira. Ndiye anaphunzitsa telala kuwedza chaka chomwe anakwatira mlongo wake. Ankafika m'mamawa ndi kagalimoto kake kakale, kamene chitseko chake chakutsogolo chinkatsegulidwa kuchokera kunja kokha, n'kuliza hutala kawiri.

"Alamu! Nsomba sizidikira munthu wosita malaya!"

Damu linali kunja kwa tauni, kuseri kwa fakitale ya njerwa imene inasiya kugwira ntchito kalekale. Mbali ina kunali khoma lasimenti, kumene madzi anali akuya ndi akuda. Mbali inayo kunali mabango ndi mtengo umodzi wouma umene unagwera m'madzi. Awiriwa ankakhala pafupi ndi mtengowo, ndipo zaka zonsezo ankakangana za chinthu chimodzi chokha, chimene nsomba imafuna.

Telala anali wa ndodo yansungwi, imene anaiwamba yekha pamoto kuti iwongoke. Chingwe chake chinali chopyapyala, mbedza yaing'ono, kamtovu kamodzi, ndi kachidutswa ka patapata koyandama pamwamba pa madzi. Nyambo yake inali nyongolotsi, zimene ankaweta m'ndowa yobooka kuseri kwa nyumba, n'kumazithirira masamba a tiyi otsala m'ketulo. Mbedza zake ankazibaya pakansalu ka jekete, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, ngati singano. Akaponya, ankakhala phee, maso pa kapatapata kaja.

Wailesi anali wa ndodo ya m'sitolo, yokhala ndi kawilo kokulungira chingwe, ndi bokosi lodzaza tinsomba tapulasitiki ndi timasupuni tonyezimira. Ankaponya kutali n'kumakulunga, kuponya n'kukulunga, akuyendayenda m'mphepete, pakamwa posatseka.

"Nsomba ya masiku ano ndi yophunzira, alamu. Simungainyenge ndi nyongolotsi ngati ya nthawi ya makolo."

"Amaiphunzitsa ndinu?"

"Nanga ndani?"

"N'chifukwa chake imajomba."

Madzulo telala ankabwera ndi makumba asanu kapena asanu ndi limodzi. Wailesi ankabwera ndi nkhani. Mwezi ukatha ankagwira imodzi yaikulu, ndipo imeneyo inkakula Loweruka lililonse mpaka atagwira ina.

Mkazi wa telala ankathandiza anamwino pachipatala chaching'ono cha m'tauni momwemo. Pakati pa sabata mwamuna wake ankasoka mpaka dzuwa kulowa, n'kufika kunyumba msana uli gwa, ulusi uli m'tsitsi. Loweruka kunali ku damu. Lamlungu akabwera kopemphera ankakhala pakhonde, akunola mbedza ndi kusintha zingwe. Mayiyo ankakonda kuuza alendo kuti, "Awa sanakwatire ine ayi. Anakwatira achimwene." Alendo ankaseka, iyenso ankaseka. Patapita zaka ankanenabe mawu omwewo, koma ankaseka alendo okha.

Panalibe ndewu, panalibe mkazi wina, panalibe mowa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, atakula n'kupeza ntchito kutali, nyumba inangoti zii. Tsiku lina Lachinayi, telala akusita buluku pathebulo, mkazi wake anaima pakhomo la chipinda n'kunena kuti, "Ndinapempha kuti andisamutsire chipatala china, tauni ina. Avomera."

Telala anaimika simbi. Mumtima mwake munali mawu ambiri othithikana, koma amene anatuluka anali amodzi.

"Liti?"

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Pambuyo pake anauza mchimwene wake kuti liwu limenelo ndilo linamaliza zonse. Iye ankayembekezera kufunsidwa kuti chifukwa chiyani.

Loweruka loyamba mkazi atachoka, telala sanakonze nyambo. Anaganiza kuti chibale ndi fupa, koma chilamu ndi mnofu, ukwati ukafa chimawola nawo. Koma kusanache bwino hutala inalira kawiri panja.

"Alamu! Mwafa kodi?"

Anapita. Anapitanso Loweruka linalo, mpaka zaka ziwiri zinatha. Za ukwati sanakambepo. Koma Wailesi anali Wailesi, ndipo pakati pa nkhani za ahedi ndi za mpira pankagwa timawu tina. Mlongo wanga uja wapeza nyumba yodontha. Mlongo wanga uja dzino likumuvuta. Mlongo wanga uja wayamba kuweta nkhuku, mwina akufuna kutipatsa chitopa tonse. Telala sankafunsa kanthu, koma timawu timeneto ankatitola tonse, n'kumatitafuna sabata yathunthu ali pamakina. Makalata a kukhoti anabwera, anasaina, koma pansi pa mtima ankakhulupirirabe kuti nyumba yodonthayo idzamutopetsa mayiyo, ndipo tsiku lina adzafika ndi sutikesi yake yabuluu imene anachoka nayo.

Nkhani inabwera nyengo yozizira, tsiku la chifunga. M'galimoto Wailesi anayatsa wailesi yeniyeni, chinthu chimene sanachitepo. Atafika ku damu anasiya bokosi lake la tinsomba tapulasitiki pampando, nabwera kudzakhala pamwala pafupi ndi telala.

"Tandigawireniko nyongolotsi zanuzo."

Telala anamuyang'ana kumaso, kenako pamimba, kuti aone ngati munthuyo waonda. Anaganiza za matenda. Anam'patsa ndodo yansungwi yapadera imene ankayenda nayo, nam'sunthira kapatapata m'mwamba.

"Kukazizira chonchi zimakhala pansi. Nyambo itsike, ingotsala pang'ono kukhudza matope. Zikayamba kujompha musakoke. Dikirani kayende cham'mbali, ndiye mutsomphole."

"Ndikudziwa. Ndinakuphunzitsani ndine."

"Munandiphunzitsa n'kuiwala."

Wailesi sanaseke. Chifunga chinkayenda pamadzi. Kapatapata kake kanagwedezeka, kanayenda cham'mbali, kanamira, iye ali duu, maso ali kutsidya. Pamene ankakoka n'kuti mbedza ili yokha.

"Alamu," anatero, osatembenuka. "Mlongo wanga akukwatiwa."

Telala anamva ngati waponda sitepe imene palibe. Anakoka chingwe chake, nayang'ana nyongolotsi. Inali bwinobwino, ikupindika. Anaichotsabe, naika ina, zala zikulephera kupeza nsonga ya mbedza.

"Ndi ndani?"

"Amapereka mankhwala ku famase ya chipatala chomwecho. Mkazi wake anamwalira zaka zingapo zapitazo."

"Ndi munthu wabwino?"

Wailesi anapuma mozama. "Ndinayesetsa kuti ndimude, alamu. Mulungu ndi mboni. Ndinamufufuza ngati mwana wobera mayeso. Zakanika."

"Mwana akudziwa?"

"Akudziwa. Anati pafoni sangathe. Anati ndikuuzeni ndine."

"Mwadziwa liti inuyo?"

"Miyezi inayi yapitayo."

Miyezi inayi. Telala anakumbukira Maloweruka onsewo, iye atakhala pamwala womwewu akudikira kumva za dzino ndi za nkhuku, mnzake akumupatsa zimenezo n'kumabisa nkhani yeniyeni m'thumba. Anafuna kukwiya, koma atayang'ana Wailesi anaona munthu wamkulu, chipewa chili chonyowa ndi chifunga, akusisita mphuno ngati mwana wogwidwa. Anaponyanso chingwe. Tsiku limenelo palibe anagwira kanthu, ndipo ananyamuka dzuwa lisanapendeke.

Ali m'njira, atadutsa fakitale ya njerwa, telala analankhula.

"Mukavala chiyani?"

"Kuti?"

"Ku ukwatiko. Ndinu mchimwene wamkulu, mukakhala kutsogolo."

"Suti yanga yakuda ija."

"Ija sikukukwanani. Pa maliro a ahedi batani linatsala pang'ono kulasa abusa."

"Ndikagula yosokasoka m'sitolo."

"Ndi mimba imeneyo? Mubwere Lachiwiri mukaweruka."

Wailesi anaimika galimoto pambali pa msewu. "Alamu, musadzizunze."

"Zaka zonsezi palibe wina anakusokeranipo. Tiyeni, kukuzizira."

Lachiwiri anabwera, ataumitsa khosi. Shopu ya telala inali kachipinda kamodzi pakati pa malo ometera ndi sitolo ya utoto. Munali makina awiri, thebulo lodulira nsalu, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi fungo la simbi yotentha. Wailesi anaima pakati, manja atatambasula, telala akumuzungulira ndi tepi, pensulo ili kukhutu.

"Mayi a kunyumba akuti ndilibe manyazi," anatero Wailesi. "Akuti munthu sungakapemphe moto kunyumba imene yapsa."

"Musapume mobisa. Tulutsani mimba yonse."

"Yonse ndi imeneyi."

"Yawonjezera zala zitatu."

"Ndi nkhawa."

"Nkhawa za anthu ena zimaondetsa."

Anasankha nsalu yotuwa, yolemera, imene ankaisunga pashelefu yam'mwamba kudikira kasitomala woyenera. Anaisoka milungu iwiri. Mabowo a mabatani anawasoka pamanja, kolala anaiumba ndi simbi mpaka inagona ngati yobadwa nayo. Iye mwini sankamvetsa bwino chimene ankachita. Nthawi zina ankadziuza kuti akuthokoza mlamu wake. Nthawi zina, akuluma ulusi, ankadziwa kuti akufuna mayi uja aione sutiyo, aizindikire, mtima umupweteke ngakhale pang'ono.

Loweruka la ukwati, kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo, anatsegula shopu. Wometa wa pafupi anasuzumira n'kufunsa ngati damu laphwa. Telala anasoka mayunifolomu a ana asukulu tsiku lonse osadzuka.

Wailesi atabwerera, anadutsa pashopupo.

"Zinayenda?" anafunsa telala, mapini ali pakamwa.

"Zinayenda. Anthu ankafunsa kuti suti ndinaigula dziko liti."

"Anaiona?"

"Anaiona. Anagwira pakolala apa n'kunena kuti, dzanja ili ndikulidziwa."

Telala anachotsa mapini pakamwa. "Basi?"

"Basi. Kenako ojambula anamuitana."

Panapita milungu itatu hutala osalira. Wailesi anatumiza mauthenga, sabata ina mayeso a ana, sabata ina galimoto ili kwa amakanika. Kenako Lachinayi lina anafika pashopu, nakhala pampando wa makasitomala, nayamba kusewera ndi choko chodulira nsalu mpaka chinathyoka.

"Akubwera kwathu mawa, mlongo wanga ndi mwamuna wake, kudzacheza. Ndiye bamboyo wamva zambiri za ku damu. Mlandu ndi wanga, pakamwa panga mukupadziwa. Akuti chibadwire sanagwirepo mbedza, akufuna akaone. Ndikhoza kumukaniza. Kapena tipite tsiku lina."

"Damu si langa," anatero telala.

"Si zimene ndikufunsa."

"Mubwere naye."

Usiku wa Lachisanu mvula inagwa pang'ono, ndipo Loweruka kunacha kofunda, mitambo ili yolemera. Hutala inalira kamodzi kokha. Telala atatuluka ndi ndodo zake anaona munthu wina atakhala pampando wakutsogolo, akulimbana ndi chitseko kuti atuluke. Chitsekocho, monga mwa masiku onse, chinakana. Telala anaima kanthawi, kenako anatambasula dzanja n'kumutsegulira.

Anali bambo wochepa thupi, wa magalasi, wa imvi m'mbali, atavala nsapato zabwino zosayenera matope. Anapereka moni ndi manja awiri, naumirira kuti telala akhale kutsogolo. Telala anakana, nakakhala kumbuyo pamodzi ndi ndodo ndi chitini cha nyongolotsi. Anayenda chete mpaka pamphambano, pamene Wailesi, pofuna kuthyola chete uja, anati, "Alamu, mwatenga madzi akumwa?"

"Eya," anayankha onse awiri.

Wailesi anatsokomola, nasintha giya imene sinkafunika kusinthidwa. Kuyambira pamenepo, akafuna wa kumbuyo ankati "atelala", liwu likumutuluka ngati fupa la nsomba.

Ku damu Wailesi anapatsa mlendoyo ndodo yake ya m'sitolo, nam'fotokozera zambiri za kaponyedwe. Bambo wa ku famase anamvetsera ngati mwana wa kutsogolo m'kalasi, anaponya, ndipo chingwe chinatuluka pakawilo chonse pakamodzi n'kupiringizana ngati chisa cha mbalame. Awiriwo anachikoka uku ndi uku, mfundo zikungolimba. Telala anayesa kusayang'ana. Koma ulusi wopiringizana unali chinthu chimene zala zake sizinkatha kuchipirira.

"Musakoke. Patseni kuno."

Anakhala pansi, nachimasula pang'onopang'ono ndi nsonga ya mbedza, nachikulunga bwino n'kubwezera mwini wake. Kenako anatenga ndodo yansungwi yapadera ija n'kuipereka kwa mlendo.

"Yambani ndi iyi. Ilibe nzeru zambiri."

Anamuonetsa kamangidwe ka mbedza. Chingwe chidutse padiso, nsonga izungulire kasanu, ibwerere pakabowo kapansi, anyowetse ndi malovu, ndiye akoke. Bamboyo analephera kawiri, kachitatu anatha. Atapatsidwa nyongolotsi anaigwira ndi nsonga za zala, nkhope itakwinyika.

"Ndimagwira mabala a anthu, koma ichi chokha ayi," anatero akudziseka.

"Musaibaye pakati. Yambirani kumutu, muivale pambedza ngati sokosi. Mchira utsale uzisewera."

Anakhala moyandikana pafupi ndi mtengo wouma uja. Wailesi anapita kutali, cha kukhoma, kumene ankaponya ndi kukulunga mwakachetechete. Telala anayang'ana mlendoyo cham'mbali. Anafunafuna pomudera. Anayang'ana nsapato zopusazo, magalasi omangidwa ndi kachingwe, kolala ya malaya yosokedwa mokhota ndi makina a kufakitale. Koma malayawo anali ositidwa bwino, mzere wa pamkono uli chilili, ndipo telala ankadziwa dzanja limene limasita choncho. Anabweza maso pamadzi.

Patapita kanthawi kapatapata ka mlendo kanayenda cham'mbali.

"Tsopano," anatero telala.

Bamboyo anakoka ndi mphamvu zonse, ndipo kakumba kakang'ono, kosakwana chikhatho, kanauluka m'mwamba n'kugwera m'udzu kumbuyo kwake. Anakathamangira akufuula ngati wagwira ng'ona. Anakanyamula, anadzijambula nako pafoni, natumiza. Posakhalitsa foni inalira. Anawerenga, anaseka kuchokera pansi pa mimba, kenako anakumbukira amene anali naye pafupi, nabisa foni m'thumba mofulumira.

Kenako bamboyo anati, motsitsa mawu, "Achimwene, ndikudziwa kuti kubwera kwanga kuno si kopepuka. Zikomo pondilandira. Amakutchulani bwino kunyumba. Akuti zaka zonsezo simunawakwezerepo mawu."

"Sindinawakwezerepo, inde," anatero telala.

Anakankhira chitini cha nyongolotsi kwa mnzakeyo.

Cha m'ma leveni mphepo yofunda inayamba kuwomba kuchokera kumabango, madzi anachita timafunde, ndipo nsomba zinadzuka. Telala anagwira ziwiri motsatizana. Mlendo anagwira ina, yooneka ndithu. Ngakhale Wailesi anafuula kuchokera kukhoma kuti china chake chamenya kasupuni kake. Inali nthawi imene msodzi amaidikira miyezi. Pamenepo bambo wa ku famase anayang'ana wotchi yake, nayamba kukulunga chingwe pandodo.

"Mukutani?" anafunsa Wailesi, akubwera wefuwefu.

"Ndinalonjeza kuti ndifika masana. Akufuna tikaone nsalu za makatani limodzi masitolo asanatseke."

"Makatani! Alamu, nsomba zayamba kumene kudya! Tsiku ngati lino limabwera kamodzi pachaka!"

"Zidzadya tsiku lina," anatero bamboyo akumwetulira, akupukuta zala ndi udzu. "Akhala akundidikira."

Sananene modzionetsera. Ananena ngati munthu amene akunena kuti mvula ikubwera. Anabweza ndodo kwa telala ndi manja awiri, nathokozanso.

Wailesi anaima pakati pawo, makiyi ali m'manja, akuyang'ana uku ndi uku. Galimoto inali imodzi.

"Tiyeni tonse, atelala. Kapena ndiwatule ndibwerenso."

"Pitani. Ndikwera basi pamsewu."

"Mvula ikubwera."

"Ndili ndi jekete."

Anamva zitseko zikutsekedwa, injini ikutsokomola, phokoso likuchepa kuseri kwa fakitale. Kenako kunatsala mphepo ndi mabango.

Nsomba zinadya masana amenewo ngati zalodzedwa. Akangoponya, kapatapata kankamira. Anazikoka imodzi imodzi, osamva kukoma kulikonse, manja akungochita zimene anazolowera. Zitakwana khumi ndi imodzi anasiya kuziyang'ana. Ndiye mvula itayamba kuwaza, kapatapata kanamira pang'onopang'ono, mosiyana ndi kale, ndipo atatsomphola ndodo inapindika mpaka m'manja. Unali mlamba, waukulu, pambedza yaing'ono ndi chingwe cha makumba. Anadziwa kuti akaukoka mwamphamvu chingwe chiduka. Anautsatira m'mphepete, akuulola kupita, akuubweza, akuuletsa kulowa pansi pa mtengo wouma. Analowa m'madzi mpaka m'mawondo. Kawiri konse anatembenuka kuti aitane munthu abwere ndi kaukonde kotolera.

Utatopa anaukokera pamatope, naugwira ndi manja. Mlambawo unadzipotokola kamodzi, ndipo munga wake wa m'mbali unamulowa m'chala chachikulu cha dzanja lamanja, mozama. Anakhala pansi pamatopepo, chala chili m'kamwa, mvula ikumutsikira m'khosi. Nsomba inali pambali pake ikutsegula ndi kutseka pakamwa. Inali yaikulu kuposa zonse zimene iye kapena mlamu wake anagwirapo, ndipo panalibe woiona.

Anayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, ndodo paphewa, thumba likudontha. Mabasi awiri anamudutsa. Yachitatu inaima, kondakitala anayang'ana thumba n'kunena kuti, "Madala, zimenezo pansi pa mpando, zisakhudze anthu." Mayi wina anasuntha n'kutsegula windo.

Kunyumba anazitumbula pasinki ndi dzanja lamanzere. Zinadzaza beseni. Analibe firiji yokwana, ndipo iye yekha sakanatha ngakhale ziwiri. Anayenda khomo ndi khomo kugawira aneba, amene anathokoza modabwa, ena akufunsa ngati kuli chikondwerero. Mlamba anaupereka wathunthu kwa banja la ana ambiri la kumapeto kwa mzere.

Pofika Lolemba chala chinali chitatupa, chikugunda ngati mtima. Sanathe kukankha singano kapena kugwira sizasi. Sabata yonseyo anakhala m'shopu, dzanja lili pachifuwa, akuyang'ana magalimoto. Obwera ndi nsalu ankawauza kuti abwere sabata yamawa.

Wailesi sanasiye kubwera kamodzin'kamodzi. Anabwera Loweruka lotsatira, namva za mlamba uja, nadandaula kwambiri kuti sanauone. Kenako ankabwera kawiri pamwezi, kenako kamodzi. Za mlongo wake sankatchulanso, ndipo popeza ankasamala mawu aliwonse, nkhani zake zinafupika, zinazizira. Ankakhala limodzi pamadzi ngati anthu odikira dokotala. Kagalimoto kaja katafa kotheratu chaka chotsatira, onse awiri anapeza chifukwa chabwino cholekera kupitira limodzi.

Telala anapitirizabe yekha pabasi, ngakhale si Loweruka lililonse. Anasamukira kukhoma lasimenti, kumene kunali pafupi ndi msewu. Kumeneko madzi ndi akuya, ndipo anayenera kuwonjezera mtovu ndi kugula chingwe cholimbirapo.

Anakumananso tsiku lina masana pakhomo la sitolo ya utoto. Wailesi anali atapuma ntchito, mimba itatsika, akuyenda mokoka mwendo. Anagwirana chanza nthawi yaitali.

"Zikudya?" anafunsa Wailesi.

"Pang'ono. Madzi atsika chaka chino."

"Ndidzabwera Loweruka lina. Mwendowu ukangoti pang'ono."

"Mudzabwere."

Anaimabe kanthawi, aliyense akudikira kuti mnzake anene china. Kenako mayi wina anaitana kuchokera pakhomo la shopu kuti wabwera kudzatenga diresi lake, ndipo telala anapepesa n'kulowa kukalifuna.